Tisanagule Chimanga cha Teremu Ikubwerayi, Tikambirane za Khansa



Posachedwapa komiti ikhala pansi kuti igule chimanga, nyemba ndi mtedza wodyetsa ana ogonera pasukulu pano. Chaka chilichonse nkhani imakhala yomweyo: ndalama ya fizi ndi yochepa, odya ndi ambiri, ndipo wogulitsa amene watchula mtengo wotsika ndiye amapatsidwa mwayi. Ife aphunzitsi a sayansi ndi zaulimi sitikuloza chala akuluakulu athu, chifukwa tikudziwa mmene amavutikira kuti mwana aliyense agone atadya. Koma tili ndi pempho: chaka chino, pambali pa kufunsa mtengo wa thumba, tifunsenso zimene zili m'thumbamo. Pempholi likukhudza matenda amene ambiri timaopa ngakhale kuwatchula, matenda a khansa.

Pakati pathu ndi ochepa amene sanaonepo m'bale akudwala matendawa. Ena tinaona agogo kapena amalume akuyamba kudandaula kuti nsima ikukakamira pakhosi. Patapita miyezi anasiya nsima n'kumangomwa phala, mapeto ake ngakhale madzi anayamba kubwerera. Imeneyo ndi khansa ya kummero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Ena tinataya mayi kapena azakhali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ena bambo amene anatupa mimba chifukwa chiwindi chinawonongeka.

Tinene poyambirira pomwe kuti palibe chakudya chimene chingamutsimikizire munthu kuti sadzadwala khansa, ndipo palibe chakudya chimene chimachiza khansa. Pali khansa zobwera ndi tizilombo, zobwera ndi fodya ndi mowa, zoyenda m'magazi a kumtundu, ndi zina zongobwera ndi ukalamba. Komabe pali zinthu zingapo za m'nkhokwe ndi m'khitchini zimene akatswiri anatsimikiza kuti zimawonjezera chiopsezo, ndipo zambiri mwa izo tingazichotse popanda kuwononga ndalama zambiri. Sukulu imene imadyetsa mwana katatu patsiku kwa zaka zinayi ili ndi udindo waukulu pa zimenezi kuposa aliyense.

Chuku cha m'chimanga ndi mtedza

Chimanga kapena mtedza ukasungidwa usanaume bwino, kapena ukanyowa uli m'thumba, umachita chuku. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wachuku. Mu 2004, ku Kenya kunafa anthu 125 atadya chimanga chimene chinali ndi poizoniyu wochuluka. Koma imfa yadzidzidzi yotere sichitikachitika. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi chakuti munthu amadya pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, osamva kalikonse, kwinaku chiwindi chikuwonongeka. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa ndipo lili mumzinda wa Lyon ku France, linaika aflatoxin m'gulu loyamba, la zinthu zimene palibe chikaiko kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Munthu amene alinso ndi kachilombo ka matenda a chiwindi ka hepatitis B ndiye amakhala pachiopsezo chachikulu zedi, chifukwa ziwirizi zikakumana zimathandizana kuwononga.

Choopsa cha poizoniyu n'chakuti safa ndi moto wa pamafuwa. Mungakazinge mtedzawo, mungausinje, mungauwiritse m'ndiwo, iye amakhalabe momwemo. Ndiye taganizani zimene timachita kumudzi. Poswa mtedza ena amayamba auwaza madzi kuti makoko afewe komanso kuti ulemere pasikelo, kenako amauthira m'thumba uli wonyowa. Posankha, mtedza wabwino umapita kumsika, ndipo wofota, wosweka ndi wakuda uja ndi umene umatsala kuti tisinje nsinjiro zotendera ndiwo za ana athu. Wina umagulitsidwa motchipa kwa opanga chiponde. Chimanga nachonso chimodzimodzi: chabwino timagulitsa, choola timati tikachigayitsa sichioneka.

Apa ndi pamene mtengo wotsika umafunika kuufunsa mafunso. Thumba likakhala lotchipa kwambiri kuposa anzake, kawirikawiri pamakhala chifukwa. Mwina chimangacho chinakololedwa chisanaume, mwina chinayanikidwa padothi, mwina chinagwidwa ndi anankafumbwe, ndipo mabowo a tizilomboti ndi amene amatsegulira chuku khomo. Ife Asilamu timasamala kwambiri za amene wazinga mbuzi, ndipo sitigula nyama pamalo amene sitikuwadziwa. Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti chakudya chikhale chololedwa komanso chabwino, halaal ndi twayyib. Kumasulira kwake tisiyira masheikh athu, koma ife tikuona kuti kusamala kumene timakhala nako kubutchala n'koyeneranso pakhomo la sitolo ya sukulu.

Kuteteza sikovuta. Ogula atsegule thumba lililonse, apise dzanja mpaka pansi, anunkhize, alume njere kuti amve ngati yauma. Matumba asanjikidwe pamatabwa, osagunda khoma, m'chipinda chosadontha ndiponso chopita mphepo. Chimanga chisanapite kuchigayo chipetedwe ndi kusankhidwa, ndipo njere zoola, zakuda ndi zobiriwira zitayidwe. Zisaperekedwe kwa ng'ombe za mkaka, chifukwa poizoniyu amadutsa n'kukapezeka mumkaka. Poizoni sakhala mofanana m'thumba monse, amaunjikana m'njere zochepa zowonongekazo, n'chifukwa chake kusankha ndi manja kumachotsa gawo lalikulu.

Pali mfundo ina imene tiyenera kuinena chifukwa imasokoneza anthu. A zaumoyo amatilimbikitsa kudya mgaiwa, ndipo akunena zoona: gaga amathandiza m'matumbo, ndipo zakudya zosakonola zimachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'matumbo. Koma poizoni wa chuku amachulukanso m'khungu lomwelo la njere, moti kukonola kumamuchepetsa. Choncho mgaiwa ndi wabwino pokhapokha chimanga chake chili chouma, choyera ndi chosankhidwa. Mgaiwa wa chimanga choola ndi woipa kuposa ufa woyera.

Tiyi wowotcha pakhosi

Chachiwiri ndi chinthu chimene timachiona m'mawa uliwonse. Phala ndi tiyi zimachoka pamoto n'kulowa m'makapu, belu lili pafupi kulira, ndipo ana amamwa akupemerera, misozi ili m'maso. Kunyumba nakonso mlendo akapatsidwa tiyi wofunda timati sanalandiridwe bwino. M'mwezi wa Ramadhani, pa nthawi ya daku, ambiri timameza phala lamoto pothamangira kuti nthawi isatithere, ndipo madzulo pofutulu njala siilola kudikira.

Mu 2016, bungwe la IARC lija linalengeza kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Vuto si tiyi kapena khofi, koma kutenthako. Khungu la m'kati mwa mmero ndi lofewa, ndipo likamapsa tsiku lililonse kwa zaka zambiri, limakhala likudzikonza mosalekeza, ndipo m'kudzikonza kobwerezabwerezako ndi mmene zolakwika zimayambira. Kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi ndi ku Tanzania anapezanso kuti anthu okonda kumwa ndi kudya zamoto kwambiri ndi amene ankapezeka ndi khansayi mochuluka. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100, ndiye tiyi wongophulidwa kumene amakhala pamwamba kwambiri pa malire aja. Tiyi wa mkaka ndi phala zimachedwanso kuzizira.

Mankhwala a vuto ili ndi mphindi zochepa chabe. Phala ligawidwe msanga kuti lidikire ana, osati ana kulidikira pamoto. Ngati kapu ikukanika kugwirika m'manja, zimene zili m'katimo si zoyenera kumeza. Sitikunena kuti kutentha kokha ndiye gwero la khansa ya kummero. Fodya ndi mowa, makamaka kachasu, ndi zina mwa zoyambitsa zazikulu, ndipo utsi wa nkhuni umene amayi athu amapuma m'khitchini zopanda mawindo ukukayikiridwanso. Pa mowa chipembedzo chinatiteteza kale. Pa fodya tisadzinamize: ndudu, chingambwe ndi fodya wa pamphuno zilipo m'makomo mwathu, ndipo anyamata ena amayamba adakali pasukulu.

Zimene zili m'mbale

Ku pulayimale tonse tinaloweza magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Tikayang'ana mbale ya mwana wa kuhositeli timapezamo magulu awiri, phiri la nsima ndi nyemba za msuzi wambiri. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu azidya masamba ndi zipatso zokwana magalamu 400 patsiku, ndi mchere wosafika magalamu 5, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Ife masamba timadya ongolawa, mchere ndiye timathira pophika, n'kuthiranso wina patebulo. Mchere wochuluka, kuphatikizapo wa zakudya zofutsidwa ndi mchere, umawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mimba, osanena za kuthamanga kwa magazi.

Chodabwitsa n'chakuti zimene tikusowazo ndi zimene zimamera zokha kuseri kwa makalasi. Bonongwe, chisoso ndi luni timazilimira limodzi ndi udzu. Nkhwani, khwanya, kholowa ndi chigwada zili m'munda uliwonse. Nthawi ya mango zipatso zimaolera pansi, kenako kumabwera magwafa, masawu ndi malambe, ndipo mapapaya ndi nthochi sizisowa. Agogo athu ankafutsa masamba kuti adzadye m'chilimwe, ife tinayamba kuona mfutso ngati ndiwo za osauka. Pophika napo timalakwitsa: masamba timawathira soda kuti afewe msanga, timawawiritsa mpaka asanduke akuda, msuzi wake n'kutaya. Soda ndi moto wautali zimapha mavitamini ena. Masamba aphikidwe nthawi yochepa, ndi madzi ochepa, mphika uli wovundikira.

Za nyama tinenepo mwachidule, chifukwa ambiri a ife sitiidya kawirikawiri. Mu 2015 IARC inaika nyama zokonzedwa kufakitale, monga soseji ndi poloni, m'gulu la zoyambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo inati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezocho ndi 18 peresenti. Chizindikiro cha halaal papaketi chimatiuza za kazingidwe, sichichotsa mchere ndi mankhwala osungira amene ali m'katimo. Nyama yofiira, ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, inaikidwa m'gulu la zokayikitsa ikamadyedwa mochuluka. Mwana amene amalawa mbuzi pa Idi ndi paukwati alibe chodandaula. Amene ayenera kusamala ndi ife akuluakulu olandira malipiro, amene madzulo aliwonse timaima pakanyenya. Nyama ikapserera pamakala mpaka kuda, pamapangika mankhwala oipa, choncho mbali yopsererayo ichotsedwe, ndipo kuwiritsa kuzichuluka kuposa kuwotcha.

Ophunzira, ndalama ya m'thumba imene makolo amakusiyirani imathera pa chiwaya, mandasi ndi zakumwa za shuga. Kamodzikamodzi palibe mlandu. Koma chizolowezi chimene mukuyamba panopa ndi chimene mudzakhale nacho mukadzayamba ntchito, pamene ndalama zidzakhala zokwanira kugula zimenezi tsiku lililonse. Kunenepa kwambiri, kumene kwathu kuno timakutcha kupeza bwino, kumagwirizana ndi mitundu 13 ya khansa, kuphatikizapo ya m'matumbo, ya chiberekero ndi ya m'mawere kwa amayi amene anasiya kusamba.

Matenda akalowa m'nyumba

Apa ndi pamene tikufuna makolo atimvetse bwino, chifukwa ndi pamene miyoyo ikutayika. Munthu akangomva kuti ali ndi khansa, alangizi amachuluka. Pa WhatsApp pamabwera uthenga wakuti madzi otentha a mandimu amapha khansa. Wina amabweretsa ufa wa chamwamba, wina botolo la mankhwala a zitsamba lokwera mtengo, wina amati wodwalayo asiye kudya chilichonse chotsekemera kapena chokhutitsa kuti khansayo ife ndi njala. Banja limatha miyezi likuyesa izi, ndipo pofika ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central matenda amakhala atafalikira.

Chamwamba ndi ndiwo zabwino. Uchi ndi habba sauda ndi zinthu zimene timazilemekeza m'chikhalidwe chathu cha Chisilamu, ndipo sitikuuza munthu kuti azitaye. Koma chipembedzo chomwecho chimatilamula kufunafuna chithandizo tikadwala. Dua ipitirire, ndipo wodwala apite kuchipatala. Khansa zambiri zimachizika zikapezeka msanga. Khansa ya ana yotupitsa nsagwada kapena mimba, yotchedwa Burkitt lymphoma, imakula mofulumira koma imamvanso mankhwala, ndipo ana ambiri ofika msanga amachira. Wodwala amene akumwa zitsamba zilizonse awauze adokotala, chifukwa zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala.

Ntchito ya chakudya kwa wodwala ndi kumupatsa mphamvu kuti apirire chithandizo. Mankhwala a khansa amachotsa chilakolako cha chakudya, amachititsa nseru ndi zilonda m'kamwa, ndipo wodwala akaonda kwambiri madokotala amakakamizika kuchedwetsa mankhwala kapena opaleshoni. Choncho malangizo a munthu wathanzi si a wodwala. Iye akufunika zakudya zomanga thupi ndi zopatsa mphamvu: phala la soya kapena lothira nsinjiro za mtedza wosankhidwa bwino, mazira, mkaka, usipa wosinja, nyemba zopota, mbatata, nthochi ndi mapeyala. Apatsidwe pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, m'malo momuikira mbale yodzaza imene ingomugwetsa ulesi. Ngati kumeza kukuvuta, zakudya zikhale zofewa kapena zamadzimadzi, zofunda osati zamoto. Popeza mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, madzi akumwa awiritsidwe, nyama ndi mazira zipse bwinobwino, ndipo chakudya chogona chisaperekedwe chisanatenthetsedwe mokwanira. Ramadhani ikafika, tikumbukire kuti wodwala analoledwa kusamanga. Tisamuchititse manyazi munthu amene ali pamankhwala chifukwa wadya masana. Afunse adokotala ndi Sheikh, ndipo ife timulimbikitse.

Tisaiwalenso kuti khansa imene ikupha amayi ambiri m'dziko muno siyamba ndi chakudya. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV. Boma linayamba kupereka katemera wake kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, ndipo amayi amayezedwa m'zipatala za boma. Mbale ya bonongwe singalowe m'malo mwa katemera kapena kuyezetsa.

Nanga ndalama zichokera kuti?

Tikudziwa yankho limene tilandire, ndipo ndi lomveka. Wina adzati, "Aphunzitsi, mukukamba za matenda odzabwera mwana ali ndi zaka 50, pamene ife tikusowa chomudyetsa mawa." Wina adzati makolo athu ankadya zomwezi ndipo anakalamba. Zoona, njala ndi mdani wa lero, ndipo sitikupempha kuti ana agone ndi njala podikira chimanga chopanda banga. Zoonanso kuti ambiri anakalamba, koma enanso anamwalira ndi matenda amene sanapimidwe, ife n'kumati analodzedwa.

Tikawerengera bwino, zambiri zimene tikupempha sizifuna ndalama. Kudikira kuti phala lizizire n'kwaulere. Kuchepetsa mchere ndi soda kumapulumutsa ndalama. Kusankha chimanga kumafuna malichero ndi manja, ndipo manja tili nawo mazana. Dimba la masamba limafuna mbewu, manyowa ndi madzi, ndipo ndi phunziro la zaulimi limene ana amalemba pa mayeso a MSCE. Chokhacho chodula ndi kukana thumba lotchipa lonyowa. Koma thumba lonyowa timagula madzi pamtengo wa chimanga, ndipo likakhala miyezi iwiri m'sitolo gawo lina timataya ndithu.

Choncho kwa akuluakulu a komiti, tikupempha kuti pokagula mutenge mphunzitsi wa zaulimi ndi mmodzi wa amayi otiphikira, ndipo awiriwa akhale ndi mphamvu yokana thumba. Tikupemphanso matabwa osanjikira matumba, kukonza denga la sitolo mvula isanayambe, ndi kachigawo ka malo a kuseri kwa mzikiti kuti tilimepo masamba ndi kudzala mapapaya. Ngati Sheikh angapatule Lachisanu limodzi kuti akambe za kusamala thupi ndi kupita msanga kuchipatala, uthengawu udzafika kumene kalata ino singafike.

Kwa makolo, amene mumalipira fizi ndi chimanga kapena mtedza, tibweretsereni zimene inuyo mungadye, pakuti mwana wanu ndiye adzadye. Chiponde chimene mumamupatsira mwana potsegulira sukulu chikhale cha mtedza umene mwasankha nokha. Ndipo ngati pakhomo pali wina amene nsima yayamba kumukakamira, amene akuonda popanda chifukwa, amene ali ndi chotupa chosapweteka kapena akutaya magazi mosadziwika bwino, musadikire kuti mukolole kaye.

Kwa ophunzira, Loweruka loyamba la teremu tidzakupemphani kuti mubwere ndi malichero. Tikudziwa kuti mudzang'ung'udza. Bwerani ndithu, ndipo mukadzapita kutchuthi mukawaonetse a kunyumba njere zimene tinataya ndi chifukwa chake. Ife aphunzitsi tidzakhala nanu pamphasapo, Insha Allah, ndipo tiyi wathu wa mu ofesi tayamba kale kumudikira kuti azizire.

Wassalamu alaikum.

Aphunzitsi a sayansi ndi zaulimi